Kodi phindu loyimba nyimbo zochokera m'Malemba pa chipembedzo ndi lotani?

Mtsogoleri wa kwaya analemba kuti:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha kuti mundithandize maganizo pa nkhani imene yatigawa mu kwaya yathu. Ndinapatsidwa udindo wosankha ndi kuphunzitsa nyimbo zimene mpingo umayimba pa mapemphero a Lamulungu, ndipo pakati pa oyimba pabuka magulu awiri. Ena akuti tiziyimba mawu a m'Baibulo okhaokha, makamaka Masalimo, popeza ndiwo mawu amene Mulungu mwini anauzira. Ena akuti chofunika ndi mtima wa woyimba, kotero nyimbo iliyonse imene yatchula dzina la Yesu n'kukhudza anthu ndi yoyenera, ngakhale patakhala kuti palibe ndime imene tingaloze kuti mfundo zake zachokera pamenepo.

Mafunso anga ndi awa. Popeza Malemba timawawerenga kale ndipo abusa amawalalikira, kodi kuwayimba kumawonjezerapo chiyani? Kodi nyimbo yopekedwa ndi munthu ndi yosayenera pa chipembedzo? Nanga ngati ndi yoyenera, tingaiyese bwanji tisanaiyike pakamwa pa mpingo wonse?

Mkulu wa mpingo anayankha kuti:

A mtsogoleri, ndikuthokoza kuti udindo wanu simunautenge mopepuka. Ndiyankha funso lanu loyamba, chifukwa ndikuona kuti likamveka bwino, enawo savutanso kwambiri.

Mu Deuteronomo 31, Mose ali pafupi kumwalira ndipo Aisraeli ali pafupi kuwoloka Yordano. Mulungu akumuuza Mose mosabisa kuti anthuwa akakalowa m'dziko lolonjezedwa, n'kudya n'kukhuta, adzatembenukira kwa milungu ina. Chimene Mulungu analamula pa nthawi yovuta imeneyo chiyenera kutiganizitsa: anauza Mose kuti alembe nyimbo, awaphunzitse Aisraeli ndi kuiyika pakamwa pawo, kuti idzakhale mboni yake, popeza zidzukulu zawo sizidzaiiwala (ndime 19 mpaka 21). Buku la chilamulo linalipo ndithu, koma linkasungidwa pambali pa Bokosi la Chipangano, ndipo lamulo linali lakuti liziwerengedwa pamaso pa mtundu wonse kamodzi pa zaka 7 zilizonse. Nyimbo ndiyo inkapita ndi munthu kunyumba kwake, ana n'kumaimva kwa makolo awo popanda wowaitanira ku msonkhano. Nyimbo imeneyo ili m'mutu 32, ndipo mukaiwerenga mupeza kuti muli mbiri ya zimene Mulungu anachita, chidzudzulo champhamvu, ndi lonjezo la chifundo.

Paulo akunena zomwezo kwa Akolose (3:16), pamene akuti mawu a Khristu akhale mwa iwo mochuluka, aziphunzitsana ndi kuchenjezana ndi masalimo, nyimbo zotamanda ndi nyimbo zauzimu, akuyimbira Mulungu ndi mitima yoyamika. Onani kuti m'ndime imodziyi kuyimba kukupita kuwiri, kwa Mulungu ndiponso kwa mbale amene wakhala nafe pa benchi limodzi. Tikamayimba timakhala tikuphunzitsana. Ulaliki munthu amaumva kamodzi, ndipo pofika Lachitatu ambiri amakhala atatsala ndi mfundo imodzi kapena ziwiri, pamene nyimbo imene mwaphunzitsa chaka chino ena adzaiyimbabe ali ndi imvi. Choncho amene amasankha nyimbo za mpingo ndi mphunzitsi wa chikhulupiriro, kaya akudziwa kaya sakudziwa, ndipo chiphunzitso chake chimakhalitsa kuposa cha amene amaima pa guwa. N'chifukwa chake m'masiku a Davide ntchito imeneyi siinkapatsidwa kwa munthu wamba. Pa 1 Mbiri 25 timawerenga za ana a Asafu, Hemani ndi Yedutuni, oyimba ophunzitsidwa bwino okwana 288, ogawidwa m'magulu 24, ndipo utumiki wawo ukutchedwa kunenera ndi azeze, zisakasa ndi zinganga.

Kwa abale amene akuti mtima ndiwo ofunika, ndivomereze kuti ali ndi mfundo yoona, pakuti pa Amosi 5:23 Mulungu anakana kumva phokoso la nyimbo za anthu amene ankapondereza osauka, ngakhale kuti ankayimba mwaluso. Mawu olondola otuluka mu mtima wouma Mulungu sakondwera nawo. Koma mtima nawonso uyenera kudyetsedwa choonadi kuti utamande moyenera, ndipo Paulo anati adzayimba ndi mzimu wake komanso ndi nzeru zake (1 Akorinto 14:15). Tawerengani Salimo 103 muone mmene matamando a m'Baibulo amayendera. Davide sakungobwereza kuti Yehova atamandike, koma akutchula zifukwa chimodzichimodzi: amakhululukira mphulupulu, amachiritsa nthenda, amawombola moyo ku dzenje, satichitira monga mwa machimo athu, ndipo amakumbukira kuti ndife fumbi. Munthu akamaliza kuyimba salimo limeneli amakhala atamudziwa Mulungu kuposa mmene anayambira. Nyimbo zina zimene ndimamva masiku ano zimanena zambiri za mmene woyimba akumvera ndipo zimanena zochepa za amene akuyimbiridwayo, mwakuti mutachotsamo dzina la Yesu n'kuikamo dzina lina lililonse, nyimboyo ingayimbikebe osasintha tanthauzo. Nyimbo yotere siingamange chikhulupiriro cha munthu, ngakhale itakoma bwanji m'makutu.

Chomaliza chimene sindingachisiye n'chakuti Ambuye wathu mwini ankayimba Malemba. Pa Mateyu 26:30 akutiuza kuti atatha mgonero anayimba nyimbo ndi ophunzira ake asanapite ku Phiri la Azitona, ndipo pa Paska Ayuda ankayimba Masalimo 113 mpaka 118. Salimo 118 ndilo limanena za mwala umene omanga nyumba anaukana, umene unasanduka mwala wapangodya. Tikamayimba masalimo amenewa timakhala tikuyimba mawu amene iye anakulira nawo ndi kupemphera nawo.

Mayi woyendera odwala anayankha kuti:

Bambo mkulu afotokoza bwino za chiphunzitso. Ine ndikufuna kuwonjezera mbali imene ndimakumana nayo pa utumiki woyendera odwala ndi ofedwa, chifukwa kumeneko ndi kumene kumaonekera zimene nyimbo zathu zinasiya mwa anthu.

Pali agogo ena mu mpingo wathu amene matenda oiwala anawagwira mpaka samazindikiranso ana awo. Ukawalonjera amangokuyang'ana, zala zawo zikuseweretsa m'mphepete mwa bulangete. Koma tikayamba kuyimba Salimo 23, lija lakuti Yehova ndiye m'busa wanga, milomo yawo imayamba kugwedera, ndipo pofika pa mawu a chigwa cha mthunzi wa imfa amakhala akuyimba nafe momveka, osaphonya mawu. Baibulo sangathenso kuliwerenga, ulaliki sangautsatire, koma zimene anayimba ali mtsikana zidakali m'menemo. Chimene sichinalowe m'nkhokwe nthawi yokolola sichipezeka nthawi ya njala, ndipo ine ndimadzifunsa kuti ana amene tikuwaphunzitsa lero adzatulutsa chiyani akadzafika pa msinkhu wa agogo amenewa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti nyimbo zathu zambiri ndi zachigonjetso zokhazokha. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Masalimo ndi nyimbo zodandaula, ndipo Mulungu anaziika m'buku la nyimbo la anthu ake mwadala. Salimo 13 likufunsa kanayi m'ndime ziwiri zoyambirira kuti zinthu zikhala chonchi mpaka liti. Salimo 42 ndi la munthu amene misozi yakhala chakudya chake usana ndi usiku, anthu akumufunsa kuti Mulungu wake ali kuti. Salimo 88 limatha popanda mawu achitonthozo, woyimbayo ali mu mdima, abwenzi ake atamutalikira, komabe kuyambira pachiyambi akulankhula ndi Yehova, Mulungu wa chipulumutso chake. Yesu ali pa mtanda anafuula ndi mawu oyamba a Salimo 22, ndipo anapereka mzimu wake ndi mawu a Salimo 31.

Taganizirani mayi amene waika mwana wake m'manda sabata yatha, ndipo Lamulungu walimba mtima kubwera ku tchalitchi. Ngati nyimbo zonse za tsikulo zikunena kuti amene ali mwa Yesu salira, ndipo chaka chino zonse ziyenda, mayi ameneyo amabwerera kwawo akuganiza kuti chikhulupiriro chake ndicho chaperewera. Tamuwonjezera katundu m'malo momupeputsira. Koma mpingo wonse ukayimba naye Salimo 130, kulirira Yehova uli m'malo ozama, amadziwa kuti chisoni chake chili ndi malo pamaso pa Mulungu, ndiponso kuti abale ake alira naye. Kumenekonso ndi kutamanda, pakuti munthu salirira kwa Mulungu amene sakumukhulupirira. Paulo ndi Sila anayimba pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi, misana ili ndi mabala a zikoti, mapazi ali m'matangadza, akaidi ena akumvetsera (Machitidwe 16:25). M'chipinda chamkati cha ndende munalibe buku loti atsegule, ndiye kuti anayimba zimene zinali kale pamtima.

A mtsogoleri, ndikukupemphani kuti pa nyimbo zimene mudzaphunzitse pasasowe zoti munthu angayimbe ali pa bedi la kuchipatala.

Mphunzitsi wa mbiri ya mpingo anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi amene andiyambira, koma funso lachiwiri silinayankhidwe, lakuti kodi tiziyimba Masalimo okhaokha. Mkangano umenewu ndi wakale kwambiri, ndipo anthu oopa Mulungu akhala mbali zonse ziwiri.

Cha m'ma 112, Pliny, amene anali bwanamkubwa wa Chiroma ku Bithynia, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu ankasonkhana pa tsiku loikika kusanache, n'kumayimba molandizana nyimbo kwa Khristu monga kwa mulungu. Umboni umenewu ndi wa munthu wosakhulupirira, ndipo ukuonetsa kuti kuyambira kale mpingo unkayimbira Khristu mwachindunji. M'Chipangano Chatsopano momwemo muli nyimbo zimene sizili m'buku la Masalimo, monga ya Mariya, ya Zakariya ndi ya Simeoni m'mitu iwiri yoyamba ya Luka, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti Afilipi 2:6-11 ndi Akolose 1:15-20 zili ndi kalembedwe ka nyimbo. Pa Chivumbulutso 5:9 akumwamba akuyimba nyimbo yatsopano kwa Mwanawankhosa amene anaphedwa. Koma taonani nyimbo ya Mariya mmene ilili: ndi yatsopano, komabe pafupifupi mzere uliwonse ukumveka mawu a pemphero la Hana pa 1 Samueli 2 ndi a Masalimo. Mariya anali atadzazidwa ndi Malemba mwakuti atatsegula pakamwa, Malemba ndiwo anatuluka. Kwa ine chimenechi ndicho chitsanzo cha wopeka nyimbo wachikhristu.

Mantha a abale amene akufuna Masalimo okha ali ndi maziko m'mbiri. Arius, amene ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi wolengedwa, ndipo chiphunzitso chake chinakanidwa pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325, anafalitsa maganizo ake kudzera m'nyimbo zosavuta zimene anthu wamba ankayimba pa ntchito zawo. Chiphunzitso chonama chikalowa m'nyimbo chimayenda msanga kuposa chikalembedwa m'buku. Koma mpingo sunayankhe potseka pakamwa. Ambrose, bishopu wa ku Milan, anapeka nyimbo zophunzitsa Utatu Woyera, ndipo mu 386, pamene akhristu ake ankagona m'tchalitchi kuchiteteza kuti chisalandidwe, anawalimbitsa mtima ndi kuyimba masalimo ndi nyimbo. Augustine, amene anabatizidwa ndi Ambrose chaka chotsatira, analemba kuti nyimbo za m'tchalitchimo zinkamuliritsa, koma anachenjezanso kuti pamene kukoma kwa mayimbidwe kunkamukhudza kuposa mawu oyimbidwawo, ankaona kuti wachimwa.

Pa nthawi ya kukonzanso mpingo, atsogoleri anasiyana njira. Martin Luther anapeka nyimbo m'Chijeremani kuti anthu wamba aziyimba okha, mabuku oyamba a nyimbo zimenezi anatuluka mu 1524, ndipo nyimbo yake yodziwika kwambiri inatsamira pa Salimo 46. John Calvin ku Geneva anaona kuti palibe nyimbo zoposa zimene Mzimu Woyera anapereka, choncho analimbikitsa kuti Masalimo aikidwe m'ndakatulo za Chifalansa zoyimbika, ndipo onse 150 anamalizidwa mu 1562, mpingo n'kumawayimba popanda zoyimbira. Ngakhale zinali choncho, m'buku lomwelo munalinso nyimbo ya Simeoni ndi Malamulo Khumi. Pambuyo pake Isaac Watts ku England anadandaula kuti Akhristu akuyimba ngati kuti Khristu sanabwere, ndipo mu 1719 anatulutsa Masalimo olembedwanso mounikiridwa ndi Chipangano Chatsopano. Mipingo ina mpaka lero imayimba Masalimo okha, ndipo ndimailemekeza, chifukwa anthu ake amawadziwa Masalimo kuposa ambiri a ife.

Maganizo anga ndi akuti nyimbo yopekedwa ndi munthu ndi yololedwa monga mmene ulaliki ndi pemphero zopekedwa ndi munthu zilili zololedwa, ndipo iyenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo. Lembani mawu ake pa pepala popanda mayimbidwe, muwawerenge mofatsa, ndipo pa mfundo iliyonse mufunse kuti Malemba amanena zimenezi pati. Ngati mawuwo abusa sangawalalikire pa guwa, mpingo usawayimbe. Koma kuloleza nyimbo zatsopano kusakhale chifukwa chotayira Masalimo, pakuti vuto la mipingo yambiri lero si lakuti ikuyimba Masalimo mopitirira, koma lakuti yawasiyiratu.

Woliza kiyibodi anayankha kuti:

Akuluakulu anena zambiri zothandiza, ndipo ine monga wachinyamata ndikufuna kuteteza pang'ono makolasi afupiafupi, amene nthawi zambiri amanyozedwa pa zokambirana zotere. Kufupika ndi kubwereza si tchimo. Salimo 117 lili ndi ndime 2 zokha, koma Paulo analigwiritsa ntchito pa Aroma 15:11 potsimikiza kuti anthu a mitundu ina nawonso aitanidwa. Salimo 136 limabwereza maulendo 26 kuti chifundo cha Yehova n'chosatha. Kusiyana kwake n'kwakuti m'salimo limeneli, pakati pa kubwereza kulikonse pali ntchito ina ya Mulungu imene yatchulidwa, kuyambira kulenga zakumwamba mpaka kugawa Nyanja Yofiira, kotero kuti maganizo a woyimba sagona. Kolasi yaifupi yotengedwa pa ndime imathandiza ana ndi anthu osadziwa kuwerenga, ndipo ambiri a ife ndime zoyamba kuloweza tinaziloweza mwa njira imeneyi.

Chenjezo langa ndi lakuti nyimbo ikhoza kukhala ndi mawu a m'Baibulo okhaokha koma n'kuphunzitsa zabodza. Satana poyesa Yesu anatchula Salimo 91 (Mateyu 4:6), mawu ake anali a m'Malemba, koma anawazula pamalo pake. Afilipi 4:13, pamene Paulo akuti akhoza zonse mwa iye womupatsa mphamvu, kawirikawiri imayimbidwa ngati lonjezo lakuti chilichonse chimene tikufuna chitheka, chonsecho ndime 11 ndi 12 za mutu womwewo zikunena za munthu wam'ndende amene anaphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo, pokhuta ndi pomva njala pomwe. Choncho pa muyeso umene aphunzitsi apereka ndiwonjezere funso lakuti kodi nyimboyi ikunena zimene ndimeyo ikunena pamalo pake.

Ndinenenso kwa ife oliza zoyimbira. Salimo 150 limaloleza malipenga, azeze, ng'oma, zitoliro ndi zinganga, ndipo Salimo 33:3 likuti tiziyimba mwaluso. Koma ngati zimkuzamawu zakwezedwa mpaka munthu sakumva mawu a amene waima naye pafupi, kuphunzitsana kumene a mkulu anena kwatha, ndipo mpingo wasanduka owonerera. Chimodzimodzinso tikayamba nyimbo pamwamba kwambiri moti oyimba aluso okha ndiwo angafikepo, achikulire amangotseka pakamwa. Ine ndimayesetsa kuti pa vesi limodzi la nyimbo ndichotse manja pa kiyibodi, kuti mpingo udzimve wokha ukuyimba, ndipo nthawi zambiri pamenepo ndi pamene mawu amamveka bwino koposa.

Mtsogoleri wa kwaya analembanso kuti:

Zikomo nonse, mwandithandiza kwambiri. Ndakonza zoti tikhale pansi ndi magulu onse awiri, tilembe mawu a nyimbo zimene timayimba kawirikawiri, tiziyese monga mwalangizira, kenaka tipemphe abusa kuti mwezi uliwonse tiziphunzira salimo limodzi, kuphatikizapo odandaula amene mayi atchula. Koma pamenepa ndakumana ndi funso lina. Masalimo ena, monga 109 ndi mathero a 137, amapempha chilango choopsa pa adani. Kodi amenewanso tiwayimbe, pamene Ambuye anatilamula kukonda adani athu?

Mkulu wa mpingo anayankhanso kuti:

Funso limenelo lavutitsa ambiri, a mtsogoleri. John Wesley, pokonza buku la mapemphero la Amethodisti a ku America mu 1784, anasiya masalimo angapo amene ankawaona kuti sayenera pakamwa pa mpingo wachikhristu, ndipo Mpingo wa Katolika, pokonzanso mapemphero ake a tsiku ndi tsiku kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, unasiya Masalimo 58, 83 ndi 109. Komabe atumwi sanawataye, pakuti pa Machitidwe 1:20 Petro anatchula Masalimo 69 ndi 109 ponena za Yudasi, ndipo pa Chivumbulutso 6:10 ophedwa chifukwa cha mawu a Mulungu akufuula kufunsa kuti adzaweruza liti.

Chofunika kuona n'chakuti woyimba masalimo amenewa sakubwezera yekha. Akutenga mkwiyo wake wonse n'kuupereka kwa Woweruza, zimene zikugwirizana ndi Aroma 12:19. Salimo 137 ndi la anthu amene anaona Yerusalemu akuwonongedwa ndi Ababulo, ana awo akuphedwa, kenaka owagwira ukapolo n'kumawauza kuti awayimbire nyimbo za ku Ziyoni. Akhristu amene akuzunzidwa lero amawamva masalimo amenewa mosiyana ndi ife amene tili pa mtendere. Choopsa n'chakuti munthu angawayimbe akuganizira mnansi wake amene anakangana naye, ndipo pamenepo Malemba asanduka temberero.

Langizo langa ndi lakuti musayambire pamenepo. Yambani ndi Masalimo 13, 42, 51 ndi 130, mpingo uzolowere kudandaula pamaso pa Mulungu. Masalimo opempha chiweruzo ayambe alalikidwa ndi abusa, anthu amve kuti anayimbidwa ndi yani ndiponso pa nthawi yotani, ndipo mukadzafuna kuyimba limodzi mwa iwo, lidzayimbidwe pa tsiku lopempherera abale ozunzidwa, motsatana ndi pemphero lopempherera owazunzawo kuti alape.